Batani Lachiwiri

Mkaka unali utadontha kale pabulauzi. Mawanga awiri onyowa, kutsogolo. Mayiyo anapinda manja pachifuwa kuti abise, koma Sajeni anali ataona.

"Mwana ali kuti?"

"Ali ndi bambo ake."

"Wayamwa liti?"

"Dzulo. Asananditenge."

Sajeni anakoka mpando n'kukhala. Anali mayi wa m'tauni, wobadwira pakati pa mahutala a galimoto. Anagwirapo ntchito m'mapolisi ambiri. Chaka chino kuno, cha mawa kwina, zikwama zake osamasulidwa mpaka pansi. Mbava anazionapo za mitundu yonse. Zothyola mawindo, zopisa m'matumba, zovala tayi. Koma mlandu uwu unkamuterera m'manja ngati sopo.

Nkhani yake inali yotere. Kampani ina imagulitsa mankhwala kuzipatala. Chipatala chikafuna katundu chimaitanitsa pafoni, pa pulogalamu ya kampaniyo. Kunyumba yosungira katundu foni imayaka zobiriwira, anthu n'kupakira. Dzana m'mawa inayaka. Lole inabwera. Inasesa mankhwala onse a shuga m'chipinda chozizira. Chipatala chimene chinaitanitsa kulibe padziko. Ndipo dzina limene linadina batani linali la mayiyu, woyesa mapulogalamu pakampanipo, amene anzake amangomuti a Tesita.

Mkulu wa polisiyo, a Ofisa, anali atanena kale zawo pakhonde. Galimoto ya kukhoti inyamuka dzuwa likapendeka. Tesita akakwera, za belo aiwale. Odwala shuga akukomoka m'mizere, ndipo akuluakulu akufuna mutu wa munthu. Wa ndani, sananene.

"Tsikulo m'mawa munali kuti?" anafunsa Sajeni.

"Kuchipatala. Mwana ankabayitsa katemera. Amuna anga analipo, anamwino anandiona."

"Ndiye batani linadinidwa bwanji m'dzina lanu?"

"Anadina ndi Wakhungu."

Sajeni anakweza cholembera. "Amakhala kuti ameneyo?"

Tesita anaseka pang'ono. Kuseka kouma, kwa munthu amene sanagone.

"Si munthu, mayi. Ndi pulogalamu. Ndinailemba ndine. M'mawa uliwonse imadzuka yokha. Imatsegula foni, imaitanitsa katundu wabodza m'dzina la chipatala chabodza, kenako imadina batani la Letsani. Basi. Timafuna tione ngati kuletsa kukugwira ntchito."

"Nanga dzina limenelo?"

"Saona. Mabatani athu ndi zithunzi chabe, mawu ake ndi ojambula. Mkati alibe mayina. Ndiye ndimamulembera njira." Anaima kaye, akufunafuna poyambira. "Munakhalapo m'nyumba za lendi? Zija zopanda manambala?"

"Ndakulira momwemo."

"Mlendo mumamulondolera bwanji?"

"Lowa pageti. Mzere wakumanja. Chitseko chachitatu."

"Ndi momwemo. Njira yanga imati: tsika pansi pa tsamba, lowa m'bokosi lomaliza, dina batani lachiwiri. Loyamba ndi Tumizani. Lachiwiri ndi Letsani."

"Ndiye dzana Wakhungu wanuyo anadina loyamba."

"Sangatero."

"Koma anatero."

"Mayi, munthu amatopa, amaiwala, amanama. Uyu ayi. Ukamuuza lachiwiri, ndi lachiwiri." Anapukusa mutu. "Usiku wonse ndakhala ndikuyenda njira imeneyi m'mutu. Sindikupeza pamene ndinapatuka."

Wapolisi wapakhomo anagogoda. Nthawi yatha. Tesita anaimirira, manja akadali pachifuwa.

"Mukawaona amuna anga muwauze abwere naye. Mabere akupweteka."

*

Wosunga katundu anali bambo wachikulire, wa jekete lokhuthala ngakhale kunja kunkatentha. Anyamata opakira ankamuti a Sitoko. Anayamba kuyankha asanafunsidwe.

"Ine mayi ndimamvera foni. Kale tinkafuna siginecha, tinkafuna chidindo, munthu umamuyang'ana m'maso. Kunabwera ana a makompyuta aja. Akuti madala, za mapepala zinatha, ikayaka zobiriwira pakirani. Yayaka. Ndapakira. Lero akuti madala bwanji simunafunse. Ndifunse ndani? Foniyo?"

Anatsegula chipinda chozizira. Mphepo inawomba kumaso. Mashelefu anali mbee, kungotsala zizindikiro za makatoni pafumbi.

"Dzina la chipatalacho munalimvapo?"

"Zipatala zikumera ngati bowa masiku ano. Ndingazidziwe zonse?"

"Dalaivala anali wotani?"

"Chipewa, chophimba pakamwa, akuti ali ndi chimfine. Waulemu kwambiri. Anandithandiza n'kunyamula komwe."

"Nambala ya lole?"

"Matope okhaokha."

"Kunagwa mvula?"

A Sitoko anakanda m'mutu. Mvula inali isanagwe kwa nthawi yaitali.

"Dzina la chipatala anatchula ndani poyamba? Inu kapena iye?"

"Iye. Anangoti, madala, tabwera kudzatenga za chipatala chakuti. Ine ndinati palibe chayaka. Iye anati dikirani."

Sajeni anasiya kulemba.

"Bwerezani."

"Anati dikirani, iyaka. Anakhala pasitepe ya lole, akumwa tiyi wa m'fulasiki. Ndisanamalize kusesa pakhomo, foni ija phethi, zobiriwira." A Sitoko anatsitsa mawu. "Ine ndinangoti ana amasiku ano amadziwa zinthu. Kodi ndanena zolakwika?"

Lole inafika foni isanayake. Wina ankadziwa chimene Wakhungu adzadine, Wakhunguyo asanadzuke.

*

Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba pa malo okonzera matayala. Masitepe opapatiza, fungo la labala. Mkati, madesiki oyang'anizana ndi fani yozungulira mwaulesi. Pakhoma panali shelefu ya mafoni, akale ndi atsopano, iliyonse ndi chingwe chake ngati odwala a m'chipatala. Onse anali ozima.

"Ndinalamula azimitse," anatero bwana wa kampaniyo. Anali munthu wosalala, wa mawu ofewa, wonunkhira mafuta odula. "Sajeni, mundimvetse. Ine pano ndine bambo wa onse. Mtsikana uja ndinamulemba ntchito ndekha. Ali woyembekezera ndinamupatsa mpando wanga wofewa. Zikundiwawa kuposa aliyense."

"Bwanji katundu wabodza ankaitanitsidwa pa pulogalamu yeniyeni?"

"Pepani?"

"Malo oyesera apadera mulibe?"

"Tinali m'kati mokonza." Anamwetulira. "Kampani ndi yaing'ono. Ndipo palibe chinalakwikapo mpaka dzana."

Pakona panakhala mnyamata wamkulu, wonenepa, mahedifoni ali m'khosi. Dzina lake pa ofesipo linali lomwelo, Mahedifoni. Ndiye ankamanga masamba a pulogalamuyo. Chiyambire kulowa kwa Sajeni sanadzutse mutu. Fani inkamuwomba, koma thukuta linkatsika m'masaya.

"Achimwene, ndionetseni tsamba lija."

Mahedifoni anatenga foni imodzi, n'kuiyatsa. Pansi pa tsamba panali mabatani awiri. Lobiriwira, Tumizani. Lofiira, Letsani.

"Awiri," anatero bwana kumbuyo kwake. "Ngakhale mwana atha kuwerenga."

"Ine ndikuwerenga ndi maso," anatero Sajeni. "Wakhungu amawerenga ndi chiyani?"

Mahedifoni anayankha osadzutsa mutu. "Amatsata XPath. Ndiye kuti mu dongosolo la ma elementi, indekisi ija ikasuntha..."

"Lankhulani za anthu, achimwene."

"Amawerenga za mkati. Zimene tinalemba. Osati zimene zikuoneka."

"Tsegulani za mkatizo."

Sanasunthe.

"Mwamva?"

Anatembenukira pakompyuta. Zala zinkaphonya mabatani. Panatuluka mizere yolowana, wina pansi pa unzake ngati nthambi. Sajeni sanamve kalikonse pamenepo. Ankayang'ana nkhope ya munthuyo. Mahedifoni sanafufuze n'komwe. Anapita molunjika, ngati munthu wobwerera pamene anakwirira chinthu.

Analoza ndi chala. "Ili. Ili. Ndi ili."

"Atatu?"

"Atatu. Loyambali lilibe mtundu, lilibe mawu. Ndi lopyapyala ngati tsitsi. Diso silingalione. Koma Wakhungu amaliwerenga." Anapukuta kumaso ndi malaya. "Ndiye lachiwiri linasanduka Tumizani."

"Munaliona liti?"

"Dzulo."

"Osanena?"

"Linalowa kudzera pakompyuta yanga!" Mawu anatuluka mokuwa, mwana wamkulu pafupi kulira. "Masana, tsiku loti mawa lake lole ibwera. Ine ndinali nditatuluka kukadya. Funsani okonza matayala, tinakhala tebulo limodzi, anandiseka kuti ndimadya ngati ndikusamuka. Si ine, mayi."

"Kompyuta simutseka?"

"Pano palibe amatseka. Timakhala ngati banja."

"Amene ankadziwa kuti Wakhungu amawerenga mabatani ndani?"

"Ine sindinkadziwa kuti ndi lachiwiri. Zoyesera zonse zimakhala pa laputopu ya a Tesita. Amapita nayo kunyumba. Iwo akhala akudandaula kuyambira kale kuti mabatani tiwapatse mayina, njira zowerenga n'zosalimba. Amene anamanga tsambali poyamba, ine ndisanalitenge, ankangoti mawa, mawa."

Bwana anali atayandikira. Anaika dzanja paphewa la Mahedifoni, mofatsa.

"Sajeni, mwatithandiza kwambiri," anatero. "Ine ndimaganiza kuti n'kusasamala chabe. Kani ndi chiwembu. Njira ankaidziwa ndi munthu mmodzi. Desiki yake ndi iyi, yogundana ndi kompyuta imeneyi. Ndipo masana aliyense akatuluka, amatsala muno ndani?" Anapukusa mutu mwachisoni. "Ndiwaimbira a Ofisa ndekha. Musavutike."

Sajeni anaima pakati pa madesiki. Anabwera ndi fosholo kudzafukula munthu. Kani ankakumba dzenje lomwelo.

*

Sekilitale ankakhala pamwamba pa masitepe, kuseri kwa kauntala yaitali. Ankapala zikhadabo. Anali atamva zonse, ndipo zinkamuyabwa pakamwa.

"Sisi, ine ndingonena chilungamo, a Tesita sangabe ngakhale supuni ya shuga. Munthu woti masana sadya n'komwe, amangothamangira kuyamwitsa."

"Amapita kunyumba?"

"Ayi, mwana amabwera kuno. Alamu amabwera naye."

"Alamu anu?"

"Alamu a tonse! Amuna awo a Tesita. Timangowati Alamu. Iii, amuna ngati aja anatha, sisi. Wanga ine thewera amaliona ngati njoka. Aja tsiku ndi tsiku, mwana pachifuwa, chikwama paphewa, kukwera masitepe awa. Chichotsedwereni ntchito sanadandaulepo."

"Ankagwira kuti?"

"Pompano. Pulogalamu yonseyi anamanga ndi iwo. Ntchito itachepa abwana anasunga Mahedifoni chifukwa ndi wotchipa. Musanene kuti ndanena."

"A Tesita amayamwitsira kuti?"

"Kukhitchini. Amatseka chitseko. Abwana anati makasitomala asamaone, ngati iwo anakulira botolo."

"Nanga Alamu amadikira kuti?"

"Mkatimo. Amakhala pampando wawo wakale, akuti amausowa."

"Mpando uti?"

Sekilitale anatsegula pakamwa. Anayang'ana kuchitseko cha ofesi, kupyola galasi, pakona pamene Mahedifoni anazyolika. Chopalira zikhadabo chinaima.

"Tsiku lija anakhalapo?" anafunsa Sajeni.

"Ine ndinaona msana wokha."

"Manja anali kuti?"

"Msana wokha, sisi."

"Mungasaine zimenezi?"

"Ziti? Ine ndanena chiyani?" Anatsegula kabati, n'kuponyamo chopalira chija. "Ndili ndi ana atatu ndi mwamuna wopanda pake. Ntchito ndi yomweyi. Ine ndimangoyankha mafoni."

*

Nyumba ya Tesita inali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpopi. Matewera pachingwe, oyera bwino. Chitseko chinali chotsegula. Mwamunayo anakhala pampando wapulasitiki, mwana ali pamwendo, akumumwetsa ndi kasupuni. Mwanayo ankalavula. Maso anali otupa ndi kulira.

"Lowani, mayi. Pepani m'nyumba mwabalalika. Mayi wapanyumba kulibe, mukudziwa kale."

Anali wamtali, wowonda, wa mawu odekha. Sanafunse kuti mkazi wake ali bwanji.

"Dzana m'mawa munali kuti?"

"Kukatemera. Ndinagwira mwendo ndine pomubaya. Mayi ake sapirira kuona jakisoni."

"Nanga masana a tsiku loti mawa lake lole ibwera?"

"Ku ofesi, ngati masiku onse. Mwana amayenera kudya."

"Munakhala pati?"

"Pampando." Anapukuta kukamwa kwa mwana ndi chala. "Kukhala pampando ndi mlandu masiku ano?"

"Pali batani lina lapezeka. Losaoneka."

"Ooh?" Sanaphethire. "Ndiye mufunse mwini kompyuta. Mnyamata uja amaiwala zinthu. Ndinamuphunzitsa ndine, ndimamudziwa."

"Akuti mabatani munawasiya opanda mayina ndinu."

"Ndinasiya zambiri. Anandipatsa masana amodzi kuti ndilongedze." Kwa nthawi yoyamba mawu anauma. Kenako anafewanso. "Mkazi wanga ndinkamuchenjeza. Njira yowerenga mabatani ndi mlatho wa mapesi. Tsiku lina udzagwa nawo. Sankamva."

"Munkadziwa kuti ndi lachiwiri?"

"Ndani wanena?"

"Ndikufunsa."

"Funsani iyeyo. Akanena kuti ndinkadziwa, bwerani mudzanditenge." Anamuyang'ana Sajeni m'maso, mopanda mantha, ngati munthu wodziwa kulemera kwa katundu wake. "Mukuganiza kuti anena?"

Mwana anayambanso kulira. Sajeni anatuluka panja, n'kuima pansi pa matewera. Anaimba foni.

A Ofisa anamvetsera mpaka theka.

"Mboni uli nayo?"

"Sekilitale anaona, koma akukana kusaina."

"Ndiye ulibe. Zidindo za zala pakompyuta?"

"Aliyense amaigwira, bwana."

"Ndiye ukufuna ndimange bambo wolera khanda chifukwa anakhala pampando? Manyuzi andidye wamoyo? Tamvera. Kampani yadandaulira munthu mmodzi, ndipo umboni wapezawo ndi wa munthu yemweyo. Bwana wawo wandiimbira, akukuyamikira. Ukafuna winayo, mkaziyo amutchule ndi pakamwa pake. Ulembe, asaine, galimoto isananyamuke. Apo ayi usandivutitse."

"Ndisiye wapolisi pano kuti amuyang'anire?"

"Ndimutenge kuti? Ndimuumbe?"

Foni inaduka.

Sajeni anasuzumira m'nyumba. Mwamuna uja ankayenda uku ndi uku, mwana paphewa, akumuimbira chapansipansi.

"Akuti mubwere naye. Mabere akuwapweteka."

"Tibwera," anatero osatembenuka. "Ndingomusambitsa."

*

Minibasi inachedwa pamsewu. Inaima paliponse, kondakitala akukangana ndi aliyense. Sajeni anatsika isanafike, n'kumaliza wapansi. Dzuwa linali litayamba kupendeka. Pabwalo la polisi galimoto ya kukhoti inali itaima kale, dalaivala akumenya matayala ndi phazi.

Anamutulutsa Tesita m'chitokosi, n'kumulowetsa m'kachipinda komwe kaja. Mawanga aja anali atakula, atakumana pakati.

"Mabatani ndi atatu," anatero Sajeni asanakhale n'komwe. "Wina anaika lina kutsogolo. Losaoneka."

Nkhope ya Tesita inayaka. Anamenya tebulo ndi manja onse awiri.

"Ndinanena! Ndinanena kuti Wakhungu sanama! Anadina lachiwiri, lachiwiri lenileni! Mayo ine, ndimayesa ndapenga." Ankaseka, misozi ikutsika. "Analiika ndani? Liti?"

"Masana. Tsiku loti mawa lake lole ibwera."

"Pakompyuta iti?"

"Ya Mahedifoni. Iye anali kokadya."

"Masana muja mumakhala mulibe munthu. Ine ndimakhala kukhitchini ndi mwana, ndiye mu ofesi mumangotsala..."

Sanamalize.

Sajeni anaona kuseka kukuchoka pang'onopang'ono, kuyambira m'maso. Manja aja anatsika patebulo n'kubwerera pachifuwa. Kunja wina ankakoka unyolo wa geti.

"Laputopu yanu imagona kuti?"

Tesita anayang'ana patebulo.

"Dzina la chipatala chabodza, amene ankalidziwa ndani? Dalaivala wa lole analitchula foni isanayake."

"Tinalipeka tonse," anatero Tesita, ngati akulankhula ndi khoma. "Pabedi. Tinaseka mpaka mwana anadzuka."

"Nenaninso. Ndilembe."

"Sindinanene kanthu."

"Achemwali." Sajeni anakankha pepala. "Galimoto ili panja. Mukakwera, mukakhala pa limandi mpaka mlandu udzayambe, ndipo milandu yotere imagona. Ine ndilibe mboni. Ndilibe chala, ndilibe lole. Ndili ndi inu nokha. Mungonena kuti njira ankaidziwa, dzina ankalidziwa, ndipo inu munali kukhitchini chitseko chotseka."

"Ndikanena, nditulukadi?"

Sajeni anafuna kunama. Bodza linafika pamilomo, lokonzeka, lofunda. Anaganiza za a Ofisa. Anaganiza za bwana wosalala uja, ndi mmene woimira boma angaimirire m'khoti n'kunena kuti mwamuna anaika batani, mkazi analemba njira, banja logwirizana.

"Ndiyesetsa."

"Sindinafunse zimenezo."

"Sindingalonjeze."

Tesita anagwedeza mutu, ngati wamva mtengo wa chinthu chimene sankafuna kugula.

"Ndiye atitsekere tonse awiri. Mwana atsale ndi ndani? Mayi anga anamwalira. Kwa amuna anga sanandifunepo." Anakankha pepala lija kubwerera. "Munthu uja wakhala chaka chonse akuchapa matewera. Anzake akumuseka pampopi. Ine ndikubwera madzulo n'kumamufotokozera za ntchito imene anamulanda. Sindinaone kuti zikumudya."

"Odwala shuga nawonso ali ndi ana."

"Ndikudziwa."

"Wakuikani m'chitokosi ndi iyeyo."

"Mwina ankaganiza kuti azingoti pulogalamu yalakwitsa. Sankadziwa kuti andigwira." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Njira yofooka ndinalemba ndine. Lembani zimenezo. Abwera ndi mwana, mundilole ndiyamwitse ndisanakwere. Ndapempha chokhacho."

Sajeni anali atafunsapo zigawenga mpaka zinalira. Apa analibe poponda. Anavundikira cholembera.

Wapolisi wapakhomo anasuzumira. "Sajeni, kuli mayi wina ndi khanda."

*

Sanali mwamuna uja. Anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, wamfupi, wa ufa wa sopo m'manja, akupuma mothamanga. Mwana kumsana. M'manja chikwama chachikulu chamizeremizere, chodzaza mpaka zipi kukana.

"Anati ndimugwirire pang'ono akukagula mafuta odzola a mwana," anatero, akumasula nsalu. "Kenako andiimbira kuti anebo, pitani naye kwa mayi ake, chikwama chili pakhomo. Ine ndimati tikumana kuno. Ndayesa kuimba njira yonse, foni yawo sikulowa. Chitseko asiya chotsegula, ndakhoma ndine."

Mwana atamva fungo la mayi ake anakuwa. Tesita anamulandira, n'kukhala pabenchi ya pakauntala, pakati pa anthu odikira kudandaula za mafoni obedwa. Sanabisenso kanthu. Mwanayo anagwira bere ndi manja onse awiri, akumeza mopuma, akusisima.

Ndi dzanja linalo Tesita anakoka zipi.

Matewera onse. Bulangeti. Khadi la katemera. Mabotolo. Pansi pake, tizovala tatsopano tokulirapo, timene mwanayo adzavale akadzayamba kuyenda.

Anatulutsa kansapato kamodzi. Kankakwana m'chikhatho. Anakayang'ana nthawi yaitali.

Kunja hutala inalira.

"Tiyeni, tiyeni!" anakuwa wapolisi woperekeza. "Khoti silidikira munthu. Wa mwana, nyamukani. Khandalo likwera nanu, malamulo amalola."

"Dikirani amalize," anatero Sajeni.

"Akamalizira m'galimoto. A Ofisa asaina kale, ndipo atuluka."

"Apita kuti?"

"Kumsonkhano. Foni azimitsa."

Anamuimiritsa Tesita, mwana akadali pabere. Mayi woyandikana naye uja ananyamula chikwama, akulira mokweza kuposa onse. Anadutsa pabwalo, dzuwa likuwawomba kumaso. Kumbuyo kwa galimoto kunali kale anthu, mawondo ogundana. Mayi wina wachikulire anasendera n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Tesita anakana. Anakwera yekha, dzanja limodzi pachitsulo.

Chitseko chinatsekedwa. Loko analira.

Pa kawindo ka waya panaoneka nkhope.

"Mayi Sajeni."

Sajeni anayandikira.

"Cholembera chija muli nacho?"

Anapisa m'thumba. Anachipeza. Anachivundukula ndi mano. Pepala linali litatsala patebulo m'kachipinda muja, ndiye anatambasula chikhatho chake.

"Nenani. Nenani msanga."

Injini inabangula. Utsi wakuda unamuphimba miyendo. Milomo ya Tesita inkayenda kuseri kwa waya, ndipo Sajeni anamva chiyambi chokha, "Ndi amuna anga, ali ndi msuweni wawo woyendetsa lole, amakhala ku..."

Galimoto inasuntha.

"Imani! Dalaivala, imani!"

Anamenya chitsulo ndi chibakera. Anathamanga m'mbali mwake, nsapato zikuterera pamiyala, khutu pafupi ndi waya. Tesita ankakuwa tsopano. Mwana ankakuwanso. Wapageti anakoka unyolo, galimoto inakhotera mumsewu, n'kulowa pakati pa maminibasi ndi mahutala awo.

Sajeni anaima pageti, chivundikiro cha cholembera chili kukamwa. Anayang'ana m'chikhatho. Munali mzere umodzi wokhota, pamene cholembera chinaterera.